Kukonza usiku wa nyimbo za makolo a ku Scotland mu holo ya kumudzi, kuyambira potenga kiyi mpaka pomubweza

Si tonse a Malawi a kuno ku Scotland amene tili ku Glasgow kapena ku Edinburgh. Enafe ntchito yosamalira okalamba inatiponya m'timidzi ta ku Highlands, ku Aberdeenshire, ngakhale kuzilumba, kumene basi imadutsa kawiri pa tsiku ndipo nkhosa zimachuluka kuposa anthu. Mukakhalitsa m'mudzi wotere muona kuti moyo wake umazungulira nyumba imodzi, holo ya mudzi. Ndimo amavotera, ndimo ana amasewera mvula ikamagwa, ndimo amamwera tiyi pochokera kumanda, ndipo ndimo amabweretsa oimba.

Ine m'komiti ya holo yathu ndinalowa mwangozi. Usiku wina ndinatsalira kuthandiza kusanja mipando, mwezi usanathe ndinapezeka ndili ndi kiyi m'thumba. Nanunso zidzakuchitikirani. Mwina komiti idzati ulendo uno mukonze ndinu, mwina tchalitchi chanu chili paubale ndi mpingo kapena sukulu ina kwathu ku Malawi ndipo chikufuna kupeza ndalama. Maubale otere ndi ambiri kuno, makamaka chisainireni mgwirizano wa 2005 pakati pa Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, nduna yaikulu ya Scotland nthawi imeneyo, ndipo njira imene anthu a kuno amaikonda posonkhanitsa ndalama ndi usiku wa nyimbo ndi magule. Nayi ndondomeko imene ndimatsata.

Choyamba, kaonerereni za eni ake

Kwa eni kulibe mkuwe. Musanakonze kalikonse, gulani tikiti kawiri kapena katatu, mukakhale pampando wakumbuyo, maso ndi makutu zili tcheru. Muona kuti pali zinthu ziwiri zosiyana. China ndi konsati: anthu amakhala pamipando, oimba kutsogolo, ndipo nyimbo ikayamba mu holo mumangoti ziii. China ndi ceilidh, amatchula kuti "keili", pamene mipando amaikankhira kukhoma anthu n'kuvina mpaka thukuta kamukamu. Midzi yambiri imaphatikiza ziwirizi, kumvetsera kaye, tiyi pakati, kuvina pomaliza. Sankhani msanga kuti mukufuna chiti, chifukwa si gulu lililonse la konsati limene limadziwa kuvinitsa anthu.

Liwu lakuti ceilidh ndi la chilankhulo cha Gaelic, ndipo tanthauzo lake ndi kucheza, kuyenderana. Kale anthu ankasonkhana madzulo m'nyumba ya mnzawo, pamoto, kukamba nthano ndi kulandizana nyimbo. Mpaka lero wotsogolera mwambo amamutcha fear an taighe, bambo wa panyumba, kapena bean an taighe, mayi wa panyumba. Mayina amenewa akukuuzani kale ntchito yanu. Ndinu mwininyumba amene waitana mudzi kudzacheza, ndipo oimba ndi alendo anu. Zonse zili m'munsimu zikuchokera pamenepo.

Phunziraninso kusiyanitsa nyimbo zake, kuti polankhula ndi oimba musamangogwedeza mutu. Reel ndi yothamanga, yoyenda mosalala. Jig imadumpha, mukhoza kuiwerenga patatu patatu. Strathspey, dzina lake lochokera ku chigwa cha mtsinje wa Spey, imayenda monyang'wa, ndi kakudukiza kamene m'nyimbo zina simukamva. Slow air ndi yachifatse, yosavinika, ndipo ndi pamene muona nkhalamba zikupukuta m'maso. Oimba amalumikiza nyimbo zitatu kapena zinayi osaima, ndiye musawombe m'manja pakati. Zoimbira zake zazikulu ndi vayolini, imene kuno amaitcha fiddle, akodiyoni, zitoliro za bagpipes, zeze wa makolo wotchedwa clàrsach, gitala ndi piyano. Kumadzulo ndi kuzilumba mumva nyimbo za Gaelic, zina mwa izo zimene amayi ankaimba atazungulira tebulo akumenya nsalu yaubweya kuti ilimbe, mmodzi kutsogolera ena kuvomera. Nditazimva koyamba ndinakumbuka nyimbo za pamtondo. Kumpoto chakum'mawa kuli bothy ballads, nyimbo za anyamata aganyu a m'mafamu, zodandaula za mabwana aumbombo ndi phala lozizira.

Chinthu chimodzi musachite: kufupa. Kupita kutsogolo kukaponya ndalama pamapazi a woimba kudzangomuchititsa manyazi. Mukasangalala, gulani chimbale chake pakhomo. Koma kukuwa kwachisangalalo reel ikafika pokoma amakulola, iwonso ali ndi kamfuu kawo, ndipo nthungululu imodzi pamalo oyenera sinakhumudwitsepo munthu.

Chachiwiri, holo ndi komiti yake

Maholo ambiri a kumudzi amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, osalipidwa. Ena anamangidwa pokumbukira anyamata a m'mudzimo amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo mayina awo ali pakhoma. Ena ndi amalata kuyambira denga mpaka zipupa. Timaholo tina, monga Glenuig ku Lochaber kapena Glenbuchat ku Aberdeenshire, tinatchuka chifukwa oimba akuluakulu amakonda kuimbamo ngakhale tili kutali ndi tauni.

Pezani amene amasunga buku la masiku. Kawirikawiri ndi mayi wachikulire amene amadziwa aliyense ndi agogo ake omwe. Pitani nokha mukaone holo masana, ndipo mufunse izi: malamulo a zamoto amalola anthu angati atakhala pansi, nanga akamavina, zitseko zothawira ngozi zili pati, inshuwaransi ya holo ikuteteza mwambo wanu kapena mugule yanu, muli zokuzira mawu, piyano ilipo, ndipo inakonzedwa liti mawu ake, munthu wa panjinga ya olumala alowera pati, makapu alipo angati.

Funso lalikulu kuposa onsewa ndi la moto wotenthetsera. Maholo ena amagwiritsabe mita yoponyamo makobidi. Ine ulendo woyamba ndinayatsa moto anthu akulowa kale, mwezi wa Novembala. Wa vayolini ankapumira mpweya m'zala pakati pa nyimbo, zingwe zikusokonekera mawu chifukwa cha kuzizira, anthu ali m'majasi mpaka nthawi ya tiyi. Palibe anandidzudzula, ndipo zimenezo ndiye zinandipweteka kwambiri. Funsani kuti holo imatenga maola angati kuti ifunde, ndipo sungani thumba la makobidi a £1.

Chachitatu, tsiku

Apa ndi pamene mlendo amagwera m'mbuna, chifukwa kalendala ya mudzi sinalembedwe paliponse. Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi nkhosa zimabereka, ndipo alimi amagona m'khola. Kukonza konsati nthawi imeneyo n'chimodzimodzi kuitana anthu ku msonkhano mvula yoyamba itagwa usiku. Juni mpaka Ogasiti dzuwa limalowa mochedwa kwambiri, alendo odzaona malo amachuluka, ndipo mipando imadzaza mosavuta, koma Loweruka lililonse limakhala ndi zake: maukwati, zionetsero za ziweto, masewera a Highland games. Kumadzulo nyengo imeneyi kulinso midges, tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, toluma mopanda chisoni, timene timalowa mukangotsegula zitseko kuti ovina apume. Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 3:30 masana ku Inverness, misewu imaterera, ndipo sitima zapamadzi za CalMac kapena NorthLink zikhoza kulephereka ndi mphepo oimba anu ali tsidya lina.

Kwa ine miyezi yabwino ndi Sepitembala, Okutobala ndi Malichi. Koma onani kuti mu Sepitembala kumakhala chikondwerero cha Blas m'madera a Highlands, ndipo mu Okutobala kumakhala Royal National Mòd, imene imakoka oimba a Gaelic ndi mabanja awo. Januwale oimba ambiri amakhala ku Celtic Connections ku Glasgow, chikondwerero chimene chakhala chikuchitika kuyambira 1994. Masiku a 30 Novembala, 31 Disembala ndi 25 Januwale, a zikondwerero za St Andrew, Hogmanay (usiku wolowera chaka chatsopano) ndi wolemba ndakatulo Robert Burns, magulu ovinitsa amakhala atagwidwa kalekale ndipo mitengo imakwera. Ngati mwambo ndi wokhudza kumudzi, Loweruka loyandikira 6 Julayi limakupatsani chifukwa chabwino cholembera pa posita.

Ku Lewis ndi Harris, ndi m'midzi ina ya kumadzulo, Lamulungu amalisunga molimba. Musayerekeze, ndipo Loweruka mumalize pakati pa usiku pasanakwane. Kwa mwana wa CCAP izi si zachilendo.

Kukagwa maliro m'mudzi sabata imeneyo, musagamule nokha. Tumani wamkulu wa komiti akafunse kubanja. Nthawi zambiri amati pitirizani, koma amakumbukira kuti munafunsa.

Chachinayi, oimba

Yambani kuwafunafuna miyezi 4 mpaka 6 tsiku lisanafike. Njira yosavuta ndi kufunsa maholo oyandikana nanu kuti ndani anawasangalatsa chaka chatha. Kupatula apo, The Touring Network imalumikiza okonza zochitika a m'midzi ya Highlands ndi zilumba, ndipo North East Arts Touring imachita zofanana kumpoto chakum'mawa. Mabungwewa ndi othandiza chifukwa gulu limene likuyenda kale m'dera lanu limatchipa: mafuta a galimoto mumagawana ndi maholo ena. Mvetseraninso Travelling Folk ndi Take the Floor pa BBC Radio Scotland, ndipo onani mayina a ofika kumapeto pa mpikisano wa Young Traditional Musician of the Year, umene unayamba mu 2001. Achinyamata amenewa amaimba modabwitsa ndipo ambiri amafunitsitsa malo oimbira.

Musaope kulembera ngakhale otchuka. Aly Bain wa ku Shetland ndi Phil Cunningham ayenda limodzi m'maholo a m'matauni ang'ono ndi m'midzi kwa zaka zoposa 30. Mwambo wa nyimbozi ndi wotero, woimba wamkulu saona chonyozeka kuimbira anthu 80. Shetland Folk Festival, imene inayamba mu 1981, imamwaza alendo ake m'maholo a m'midzi ya zilumbazo m'malo mowaunjika malo amodzi.

Langizo langa lenileni ndi ili: ikani ana a m'mudzi momwemo kuti atsegulire. Kuyambira 1981, pamene anthu a pachilumba cha Barra anayambitsa fèis yoyamba, chikondwerero chophunzitsa ana nyimbo ndi Gaelic, mafèis afalikira madera ambiri pansi pa bungwe la Fèisean nan Gàidheal. Fèis Rois ku Ross-shire imatumiza achinyamata kukaimba m'midzi nthawi yotentha, ndipo ku Plockton kuli sukulu yapadera ya nyimbo za makolo. Kulinso makalabu a akodiyoni ndi vayolini amene amakumana mwezi ndi mwezi. Ana asanu akaimba mphindi 15, mwagulitsa matikiti kwa makolo, agogo ndi azakhali awo. Ingoonetsetsani kuti abwera ndi mphunzitsi kapena makolo awo. Musadzipatse udindo woyang'anira ana a eni nokha, malamulo a kuno pankhaniyi ndi okhwima.

Mukagwirizana ndi gulu, zonse zilembedwe, ngakhale pa imelo chabe. Malipiro ndi angati, ndipo ndi okhazikika kapena mugawana za pakhomo. Abweretsa zokuzira mawu zawo kapena mupeze ndinu. Afika nthawi yanji. Agona kuti. Alipo amene sadya nyama. Chichitike n'chiyani sitima ikalephereka. Ngati pali kuvina, funsani mwachindunji ngati ali ndi caller, munthu wofotokozera anthu masitepe gule asanayambe. Popanda iyeyu alendo amangokhala kukhoma.

Musawapemphe kuimba ulere chifukwa "ndi zothandiza ku Malawi". Iyi ndi ntchito yawo, amadyera momwemo. Akafuna kutsitsa mtengo anena okha. Ndipo ngati mukufuna kuti mnzathu wina aimbeko ziwiri za kwathu ndi gitala, zimene anthu a kuno amazikonda kwambiri, kumbukirani kuti amene ali pa viza ya ophunzira saloledwa kugwira ntchito yosangalatsa anthu. Muyambe mwafufuza musanamuike pa posita.

Chachisanu, masamu

Tiyerekeze, manambalawa ndi ongophunzitsira. Holo ili ndi mipando 80. Oimba atatu mwagwirizana £600, holo ndi moto £60, maposita £30, tiyi, mkaka ndi shuga £40. Zonse pamodzi £730. Tikiti ikakhala £14, mufunika anthu 53 kuti musalowe m'thumba mwanu, amene ndi magawo awiri mwa atatu a holo. Masamu anu akafuna kuti mpando uliwonse ugulidwe ndiye mubweze ndalama, mwalakwitsa penapake: pezani gulu lotchipa, kapena kwezani tikiti pang'ono, kapena funani thandizo. Onjezaninso za laisensi ngati zikukukhudzani. Za raffle musaziwerengere pano, zimenezo ndiye phindu lanu.

Malo ogona ndi amene amaphwanya bajeti. M'midzi yambiri oimba amagona m'nyumba za anthu a komiti, ndipo ambiri amakonda zimenezo kuposa hotela, bola chipinda chikhale chofunda ndi chaokha. Ana aang'ono aloleni ulere kapena pamtengo wochepa. Thandizo la ndalama limapezeka ku Creative Scotland, ku Awards for All ya National Lottery, ndipo m'madera amene muli makina opanga magetsi ndi mphepo kumakhala thumba la chitukuko cha mudzi. Zonsezi zimafuna kulemba miyezi ingapo pasadakhale, ndiponso akaunti ya kubanki ya gulu, osati yanu.

Chachisanu ndi chimodzi, mapepala a boma

Walira mvula walira matope. Gawo ili ndi lotopetsa koma silovuta.

Mukafuna kugulitsa mowa, lamulo la Licensing (Scotland) Act 2005 limafuna laisensi yakanthawi, occasional licence, yochokera ku Licensing Board ya khonsolo yanu. Gulu lodzipereka ngati komiti ya holo likhoza kupempha, ndipo mtengo wake wakhala £10. Pemphani masabata 6 kapena kuposa tsiku lisanafike. Kuphatikiza kapu ya vinyo pamtengo wa tikiti nakonso ndi kugulitsa, musadzinamize. Aliyense wooneka wosakwana zaka 25 aonetse chiphaso, ngakhale malire enieni ndi zaka 18. Maholo ena amangolola anthu kubwera ndi zakumwa zawo, ena salola mowa n'komwe. Ine ndimakonda usiku wa tiyi yekha: mapepala amachepa, ana amakhala momasuka, ndipo pafupifupi aliyense wabwera pagalimoto. Chiyambire Disembala 2014 malire a mowa kwa woyendetsa galimoto ku Scotland ndi 50mg pa 100ml ya magazi, otsika kuposa a ku England, ndipo kumudzi takisi ya pakati pa usiku kulibe.

Funsani komiti ngati holo ili ndi public entertainment licence, laisensi yochitira zosangalatsa anthu, chifukwa khonsolo iliyonse ili ndi malamulo akeake pa zimenezi. Funsaninso za TheMusicLicence, laisensi ya nyimbo ya bungwe la PPL PRS, imene imalipira opeka nyimbo. Musaganize kuti popeza ndi nyimbo za makolo ndiye zilibe mwini. Zina ndi za Niel Gow amene anamwalira mu 1807, koma zambiri zimene mumve usikuwo anapeka ndi anthu amoyo, mwina yemweyo ali kutsogoloyo.

Raffle: mukagulitsa timatikiti take mu holo momwemo, usiku womwewo, simufunika kulembetsa. Mukayamba kugulitsa m'sitolo sabata yathunthu, imasanduka lotale yofunika kulembetsa ku khonsolo.

Chachisanu ndi chiwiri, kulengeza

Posita m'sitolo ya mudzi, ku positi ofesi, pa bolodi la tchalitchi, pa chipatala chaching'ono ndi poimira basi. Tsamba la Facebook la mudzi, katatu: mwezi usanafike, sabata isanafike, ndi m'mawa wa tsikulo. Tumizani ndime yaifupi ku nyuzipepala ya m'dera, kaya ndi Press and Journal, Oban Times kapena West Highland Free Press. Bolodi lamatabwa pamphambano ya msewu waukulu limagwira ntchito kuposa zonsezi. Lembani nthawi yotsegula zitseko ndi nthawi yoyamba, ndipo 7:30 ikhale 7:30, abale anga. Anthu a kuno amagula matikiti mochedwa, ndiye musataye mtima mukaona 20 okha Lachitatu. Uzani anthu pakamwa, mmodzimmodzi. Agogo amene mumawasamalira aja ali ndi ana ndi adzukulu.

Chachisanu ndi chitatu, tiyi

Musaseke. Anthu adzaiwala dzina la gulu koma tiyi wozizira sadzamuiwala. Pemphani amayi ndi abambo odziwa kuphika kuti aliyense abweretse mbale imodzi: masikono, shortbread, makeke, masangweji, ndi tablet, switi ya shuga ndi mkaka imene imagwedeza mano. Ngati mudzi uli ndi nthambi ya Scottish Women's Institutes, bungwe la amayi a kumidzi limene linayamba mu 1917, lankhulani nawo mwaulemu ngati mukulankhula ndi amayi a Mvano, ndipo khitchini muwasiyire. Pa usiku wovina nthawi yozizira amakonda stovies, mbatatesi yophikidwa pamodzi ndi anyezi ndi nyama mpaka kuphwanyika, yodyera ndi oatcakes.

Apa ndi pamene mungaikepo dzanja la kwathu. Mandasi amatha msanga kuposa china chilichonse patebulo, ndaona ndi maso anga. Zitumbuwa zimafuna kufotokozera pang'ono. Tiyi wa ku Thyolo kapena Mulanje mukamupeza, nenani pa maikolofoni. Koma chilichonse chokhala ndi mtedza kapena nsinjiro chikhale pambale yakeyake ndi chikwangwani chooneka bwino, chifukwa kuno kuli anthu amene mtedza ukhoza kuwapha.

Thanki yowiritsira madzi, imene amaitcha urn, imachedwa kuwira ndipo imalira. Iyatseni anthu asanalowe, itsitseni nyimbo zikamayamba. Palibe chonyansa ngati urn ikusisima pakati pa slow air. Mphatso za raffle pemphani m'masitolo ndi kwa anthu: botolo, bokosi la chokoleti, mazira a pafamu. Zisapitirire 8, apo ayi mukhalira kuitana manambala usiku wonse.

Tsiku lenilenilo

Moto uyake masana. Cha m'ma 4 koloko sanjani mipando, koma musatulutse yonse. Mipando 50 yodzaza ndi ina yowonjezera anthu akamabwera imaoneka bwino kuposa 80 ya mipata. Siyani njira pakati ndi malo a njinga za olumala, ndipo zitseko zothawira zisatsekedwe ndi kanthu. Oimba akafika, tiyi kaye, kenako muwasiye ayese zokuzira mawu popanda wowasokoneza. Adye chakudya chotentha cha m'ma 6 koloko, chifukwa akamamaliza kuimba malo onse ogulitsa chakudya amakhala atatseka. M'kaholo kakang'ono mawu asakwere kwambiri, vayolini ndi akodiyoni zimamveka zokha. Bagpipes zazikulu za Highland sizifuna maikolofoni ngakhale pang'ono, ndipo zimakoma kwambiri woimbayo akaima panja kulandira anthu. M'kati oimba ambiri amagwiritsa smallpipes, zazing'ono zofatsa.

Pakhomo pakhale anthu awiri, tchenji chokwanira, ndi mndandanda wa amene analipira kale. Kamakina ka khadi kamafuna netiweki, imene m'zigwa zina kulibe, ndiye kayeseni dzulo lake. Wina akhale panja ndi tochi kulozera poimika magalimoto, kuti asatseke geti la mlimi.

Kulankhula kwanu kukhale kwa mphindi ziwiri: takulandirani, zitseko zothawira ndi izo, mafoni azime, oimba athu ndi awa. Tikudziwana, ife tikagwira maikolofoni timayamba ndi kulonjera a mfumu mpaka wosesa. Kuno ayi. Chigawo choyamba mphindi 45, tiyi ndi raffle theka la ola, chigawo chachiwiri mphindi 45. Ngati ndalama zikupita ku ntchito ina kumudzi, ifotokozeni nthawi ya tiyi itangotha, mwachidule, ndi zenizeni: sukulu yake, chimene chigulidwe, ndi tsiku limene mudzabwere ndi lipoti. Mudzadabwa kuti nkhalamba ina idzakutsatirani kudzakuuzani kuti azakhali ake anaphunzitsako ku Livingstonia kapena ku Blantyre. Imvetsereni, ngakhale makapu akukudikirani.

Mipando ikapita kukhoma

Gule woyamba nthawi zambiri ndi Gay Gordons, wa awiriawiri, wosavuta: masitepe anayi kutsogolo, kutembenuka, anayi chobwerera, kubwereza, mayi kuzungulira pansi pa mkono, kenako kuzungulira limodzi. Inuyo mwininyumba mukhale woyamba kulowa m'bwalo, ngakhale simukudziwa. Anthu amadikira wolakwitsa woyamba kuti amasuke. Dashing White Sergeant ndi wa atatu kuyang'anizana ndi atatu, wabwino posakaniza alendo ndi eni mudzi. Canadian Barn Dance ndi St Bernard's Waltz amapumitsa. Strip the Willow muusungire kumapeto: mizere iwiri, kukolana mikono ndi kuzungulira mpaka chizungulire, ndipo mawa lake mudzapeza mikono ili ndi mabala. Nsapato zazitali zisiyeni kunyumba. Madzi akumwa akhale pambali, ndipo otayika pansi apukutidwe nthawi yomweyo.

Kupempha munthu amene simukumudziwa kuti muvine naye, ngakhale ali mkazi wa mwini kapena agogo a zaka 80, ndi ulemu kuno, palibe wokuganizirani zina. Gule akatha mumathokoza n'kubwerera pamalo panu.

Potsekera onse amapanga bwalo, kugwirana manja, kuimba Auld Lang Syne ya Robert Burns. Mikono amaipingasa pa ndime yomaliza yokha, osati poyamba. Mukatero adziwa kuti munaphunzira kwa eni ake.

Anthu akatuluka

Lipirani oimba usiku womwewo, kapena tsiku limene munalemba m'pangano, osadikira kuti akufunseni. Ndalama za pakhomo ndi za raffle muwerenge anthu awiri, mulembe, nonse musaine. Pemphani oimba mndandanda wa nyimbo zimene aimba ngati holo imautumiza ku PRS. Athandizeni kunyamula katundu, ndipo ngati akugona kwanu, yembekezani kuti vayolini ituluka m'bokosi kukhitchini ndipo mugona 2 koloko.

Kenako tsache. Mipando isanjidwe mmene munaipezera, makapu atsukidwe, zinyalala zipite m'mabini ake, moto ndi magetsi zizime, mawindo a kuchimbudzi atsekedwe. Zotsala za tiyi mugawire amene anathandiza. M'mawa mwake tumizani uthenga wothokoza kwa aliyense amene anaphika kapena kupereka mphatso, ikani pa Facebook ya mudzi ndalama zimene zapezeka, ndipo mbale za eni zibwerere kwa eni ake, poti pansi pa iliyonse pamakhala dzina lolembedwa pa kapepala. Pobweza kiyi kwa mayi wa buku uja, mufunseni Loweruka limene lili lopanda kanthu mu Malichi, alembe dzina lanu ndi pensulo.